Kodi Mtendere wa Mkhristu Ndi Mankhwala Ogonetsa Tulo?

Pa msonkhano wathu wa alembi wapitawu, titatha kusenda ndakatulo ya mnzathu wina yonena za masiku a mliri, mnzanga amene amaphunzira filosofi adaponya mau amene adandisoŵetsa tulo. Iye adati mtendere wa mumtima umene Akhristu amaunenawu ndi mankhwala ogonetsa tulo basi: munthu amamwa kuti asamve kupweteka, koma chilonda chili chikhalire, mwinanso chikunka chikulirakulira. Adatikumbutsanso kuti maganizo ameneŵa si achilendo, pakuti Karl Marx adafanizira kale chipembedzo ndi mankhwala oledzeretsa m'zaka za m'ma 1840. Ena adaomba m'manja, ena adang'ung'udza, ndipo wapampando adatseka nkhani poti nthaŵi idaatha. Ine sindidayankhe kanthu. Sikuti ndidagwirizana naye, iai, koma ndidaona kuti m'mau akewo muli kanthu koona, ndipo nkhani yotere munthu saiyankha ataimirira pakhomo, thumba la mabuku lili kale paphewa. Tsono ndati ndiyankhire pa pepala pano, kuti iye pamodzi ndi inu nonse mupeze pondigwira tikadzakumananso.

Ndiyambe ndaulula kuti nkhaniyi sindikuiwonera patali ngati munthu woonerera gule. Mu Januwale 2021 ndinkakhala ku Ndirande m'kanyumba ka lendi ka chipinda chimodzi. Amene mudali m'tauni mwezi umenewo mukukumbukira m'mene zinthu zidaaliri. Pa 12 Januwale nduna ziŵiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi ndi matenda a Covid-19, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti dziko lagwa m'ngozi. Pasanathe sabata sukulu zidatsekedwanso, anthu adaletsedwa kusonkhana opitirira 50 m'nyumba zopemphereramo, ndipo pambuyo pake bwalo la zamaseŵero la Bingu ku Lilongwe lidasanduka chipatala. Masiku omwewo ine ndidayamba kumva kuphwanya m'thupi, kenaka ndidazindikira kuti sopo sakununkhiranso ndipo mchere sukumveka m'ndiwo. Atandiyeza adandipeza nako kachilomboko, nandiuza kuti ndikabindikire m'nyumba masabata aŵiri osaonana ndi munthu.

Tsiku lachisanu la mbindikirowo lamya idalira mbandakucha. Adali mai anga kumudzi ku Ntcheu. Malume anga, mwini mbumba yathu, adaatisiya usiku womwewo atadwala chifuwa masiku anai okha. Malume ameneŵa ndiwo adandilipirira sukulu ya sekondale yonse ndi ndalama za mbatata ya kachewere, bambo anga atamwalira. Mai adandifunsa kuti, "Tsono unyamuka nthaŵi yanji, mwananga?" Ndidati, "Amai, sindibwera. Nditabwera ndikupatsirani matenda." Mai adakhala chete nthaŵi yaitali, mpaka ndidayesa kuti mayunitsi atha. Kenaka adati, "Nanga anthu ndiŵauza chiyani?" Sadakalipe ndipo sadalire, adangofunsa funso lokhalo nadula lamya. Funso limenelo ndidakhala nalo m'chipindamo masiku asanu ndi anai otsalawo, ndipo pang'ono pamene ndikudziŵa pa nkhani ya mtendere ndidaphunzira ndili nalo pakhosi.

Kuti mumvetse kulemera kwa funso la mai, kumbukirani kuti kwathu maliro saitanira munthu. Akuluakulu adati maliro n'kulirana, ndipo munthu wojomba maliro a anzake amadzaona tsiku lake adzukulu atakhala pansi, makasu atamsiyira yekha. Adatinso kali kokha n'kanyama, tili tiŵiri n'tianthu. Mbusa ndi mphunzitsi wa ku Kenya uja, John Mbiti, m'buku lake la 1969 lonena za zipembedzo ndi nzeru za Aafirika, adafotokoza zomwezo m'chinenero cha kusukulu, kuti munthu wa kuno amadzidziŵa kuti ndi munthu kudzera mwa anzake. Tsono mliri uja udabwera n'kutembenuza zonsezi. Dzanja lopatsa moni, mbale yodyera pamodzi, mphasa yogonapo pa siwa, zonse zimene makolo adatiphunzitsa kuti ndiwo umunthu, zidasanduka njira zodzeramo imfa. Munthu wokonda abale ake adauzidwa kuti aŵathaŵe. Choncho chimene chinkandidya sikudali kuopa kufa kokha. Ndinkadzifunsa kuti, kodi munthu angakhale ndi mtendere atalephera kuchita chimene mtundu wake wonse umati ndicho umunthu? Nanga akaupeza mtenderewo, kodi si umboni wakuti mtima wake wauma?

M'chipinda muja ndidalaŵa mitundu itatu ya mtendere, ndipo yonse idandigwiritsa fuwa la moto. Woyamba ndi mtendere wa kusafuna kudziŵa. Umenewu tidakhala nawo ambiri m'chaka cha 2020. Odwala oyamba adapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo, koma tinkati ndi nthenda ya Azungu, kapena ya anthu olemera okwera ndege, ndipo tidadzaza mabwalo a misonkhano ya ndale mpaka chisankho cha pa 23 Juni. Ngakhale ndili m'chipinda ndidayesa kudzinamiza kuti changa n'chimfine chabe, ndipo kuti malume adafa ndi ukalamba. Mtendere wotere uli ngati wa mbuzi imene ikudya msipu pamene kuseri kwa nyumba akunola mpeni. Udatha usiku umene ndidadzuka mpweya ukundipereŵera, ndikuŵerenga kupuma kwanga ngati munthu woŵerenga makobidi otsala.

Wachiŵiri ndi mtendere wochita malonda ndi Mulungu. Mnzanga wina wakupemphera adanditumizira uthenga wakuti ndisaope, pakuti munthu wa chikhulupiriro cholimba mliri sumkhudza. Mau ameneŵa adandigoneka bwino usiku umodzi. Kutacha ndidakumbukira kuti malume adali mkulu wa mpingo kuyambira ine ndisanabadwe, munthu wosajomba mapemphero ngakhale nthaŵi yokumba mbatata. Ngati wokhulupirira safa, ndiye kuti malume sadakhulupirire. Ndidaona kuti mtendere umenewu munthu amaugula poneneza akufa ndi odwala, monga abwenzi a Yobe aja adachitira pamene adayamba kufufuza tchimo limene lidamgwetsera m'mavuto. Ndipo Uthenga Wabwino womwewo umati Yesu atauzidwa kuti adzigwetse kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu kuti angelo amwakhe, adakana, nati kutero n'kumuyesa Mulungu. Apa ndiye mnzanga wa filosofi uja adalasa. Mtendere wa mtundu umenewu ndi mankhwala ogonetsa tulo ndithu, ndipo udaika anthu ena m'manda, amene adakana chophimba pakamwa ndi katemera m'dzina la chikhulupiriro.

Wachitatu ndidaupeza m'mabuku, ndipo ndi wolemekezeka kuposa iŵiri ija. Anzeru a Chigriki ndi Chiroma otchedwa Astoiki ankaphunzitsa kuti munthu asiyanitse zimene zili m'manja mwake ndi zimene sizili m'manja mwake, ndipo asavutike mtima ndi zachiŵirizo. Epictetus, amene adabadwa kapolo, adakhazika chiphunzitso chake pamenepo, ndipo mfumu Marcus Aurelius idalemba malingaliro ake pa nzeru yomweyo m'nthaŵi ya mliri waukulu umene udaloŵa mu ufumu wa Roma cha m'ma 165. Nzeru imeneyi idandithandiza. Ndidayamba kumwa madzi ndi mankhwala pa nthaŵi yake, kutsekula zenera, kuleka kumvera wailesi usiku pamene ankalengeza chiŵerengero cha omwalira. Koma nditailondola mpaka kumapeto ndidaona kuti ikundipempha kuti imfa ya malume ndi misozi ya mai ndiziike m'gulu la zinthu zakunja zosayenera kundigwedeza. Kumeneko n'kutentha nkhokwe kuti makoswe athe. Makoswe amathadi, koma banja limagona ndi njala.

Ndisanafike pa mtendere umene udakhalitsa, ndiyenera kuyankha funso lina: kodi ndidachita bwino kusapita kumaliro? Pakuti ngati ndidalakwa, ndiye kuti mtendere uliwonse umene ndidaupeza pambuyo pake udali wakuba. Funsoli si la lero. Mu 1527 mliri udaloŵa m'tauni ya Wittenberg ku Germany, ndipo sukulu ya ukachenjede ya kumeneko idasamukira ku Jena. Martin Luther adauzidwa kuti asamuke nawo, koma adakana; adatsala, ndipo nyumba yake idalandira odwala, chikhalirecho mkazi wake Katharina adali woyembekezera. Komabe Luther yemweyo, polembera abusa a ku Breslau amene adamfunsa ngati Mkhristu angathaŵe mliri, sadanene kuti aliyense atsale. Adati amene mnzake akumdalira asachoke, koma amene palibe womsoŵa atha kuchoka popanda tchimo. Adadzudzulanso mwamphamvu anthu okana mankhwala ndi oyenda mwachisawawa pakati pa anzao, makamaka odwala amene amatuluka dala nakapatsira ena.

Ku England kuli mudzi wotchedwa Eyam, umene mliri udaugwira mu 1665 ndi 1666. Mbusa wa mudziwo, William Mompesson, pamodzi ndi mbusa mnzake Thomas Stanley, adapempha anthu kuti asatuluke m'mudzimo, kuopa kufalitsa nthendayo m'midzi ina. Adatseka tchalitchi nayamba kupemphera panja, mabanja ataima motalikirana. Banja lililonse linkaika lokha maliro ake. Anthu a midzi yoyandikana ankasiya chakudya m'malire, ndipo eni mudzi ankasiya ndalama m'viniga. Anthu pafupifupi 260 adafa, pakati pao padali mkazi wa Mompesson yemwe. Taonani tsono, Luther adayandikira odwala, anthu a ku Eyam adadzitsekera kutali ndi amoyo, koma muyeso wao udali umodzi. Onsewo sadayambe ndi kufunsa kuti, ine ndipulumuka bwanji, kapena kuti, anthu andiwona bwanji. Adafunsa kuti, kodi mnzangayu akusoŵa chiyani kwa ine lero, kuti ndimyandikire kapena kuti ndimtalikire?

Nditadziyesa ndi muyeso umenewu ndidapeza chinthu chochititsa manyazi. Kufuna kwanga kopita ku Ntcheu kudali ndi mizu iŵiri. Wina udali chikondi, koma wina, ndipo wonenepa ndithu, udali kuopa pakamwa pa anthu, kuti adzati mwana uja sukulu yamuwononga, waiŵala amene adamlera. Ndikadakwera minibasi tsiku limenelo, n'kukhala mothithikana ndi anthu osadziŵa kanthu, n'kukagona pamoto ndi madoda a m'mudzi, n'kugwirana chanza ndi agogo onse, ndikadasunga dzina langa, koma ndikadalisunga ndi mapapo a anthu ena. Choncho ndikukhulupirira mpaka lero kuti sindidalakwe. Koma ndidapezanso kuti kudziŵa kuti sunalakwe si mtendere ai. Munthu atha kupambana mlandu pa bwalo la mumtima mwake, nakhala osagona chimodzimodzi.

Pali chinanso chimene ife a kusukulu timafulumira kuchiiŵala. Mu Epulo 2020 boma lidalengeza kuti dziko lonse libindikire masiku 21 kuyambira pa 18 mwezi womwewo. Ochita malonda m'misika adatuluka m'miseu kukana, ndipo pa 17 Epulo Bwalo Lalikulu la Milandu lidaimitsa mbindikirowo, bungwe la Human Rights Defenders Coalition litadandaula kuti padalibe chikonzero cha m'mene anthu osauka adyere. Mau akuti "khalani kunyumba" ngosavuta kwa munthu amene ali ndi thumba la ufa kuchipinda. Ine ndidatha kudzitsekera masabata aŵiri chifukwa padali munthu wina amene sadadzitsekere. Aliyense wolankhula za mtendere wa m'chipinda ayambe wafunsa kuti chakudya chake chinkadzera m'manja mwa yani.

Changa chinkadzera m'manja mwa mai ena a nyumba yoyandikana nayo, mai a Mvano, ogulitsa tomato ndi bonya pamsika. Sitidali pachibale, ndipo kale tinkangopatsana moni pa mpopi. Atamva kuti ndadwala, m'maŵa uliwonse asanapite kokaoda malonda ankaika bakuli la phala pakhomo, n'kugogoda, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pa mtengo wa mapeyala, kansalu atamanga kukamwa. Ankafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, mwananga?" ndipo sankachoka mpaka atamva mau anga. Adandiikira beseni la madzi a sopo pakhonde kuti ndiziponyamo bakulilo ndikatha kudya. Sadandilalikire ngakhale tsiku limodzi. Nkhani zao zidali za mtengo wa tomato, za mvula, ndi za mwana wa eni nyumba amene adagwetsa njinga m'ngalande.

Tsiku loika maliro a malume, dzuŵa litapendeka, ndidamva anthu akuyala kanthu panja. Posuzumira pa zenera ndidaona mai aja ndi anzao aŵiri atayala zitenje pansi pa mtengo uja, atakhala motambalala, motalikirana, mitu ataŵeramitsa monga amakhalira amai pa siwa. Mmodzi adati, "Tamva zovuta, bambo. Tabwera kudzakhuza." Adakhala chete nthaŵi yaitali, kenaka adaimba nyimbo imodzi ya m'buku motsitsa mau, napemphera mwachidule. Ponyamuka adasiya chipepeso atachipsinja ndi mwala pakhonde. Ine ndidalephera kupita kumaliro, tsono iwo adanditengera maliro pakhomo. Apo m'pamene ndidalira koyamba chimwalirire malume, ndipo usiku umenewo ndidagona tulo.

M'maŵa mwake ndidaŵafunsa pa zenera kuti, "Amai, kodi inu simukuopa?" Adaseka nati, "Ndikuopa, nanga ndine mtengo? Koma moyo wanga akusunga ndi Mwini wake. Ine changa n'kuphika phala." Pambuyo pake ndidamva kuti mai ameneŵa adaika m'manda amuna ao ndi mwana wao wachisamba m'zaka za m'ma 1990, Edzi ikusesa anthu, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa aulere m'zipatala za boma mu 2004. Adadwazika onse aŵiri pa nthaŵi imene anthu ankaopa ngakhale kapu imene wodwala wamwera. Choncho palibe anganene kuti mtendere wao udali wa kusadziŵa. Sudalinso wa malonda, pakuti adapemphera ndipo okondedwa ao adafabe. Ndipo sudali wa mtima wotsekedwa, pakuti adalira nane maliro a munthu amene sadamuwonepo.

Ndalingalira kwambiri mau ao aja, ndipo ndikuganiza kuti mtendere wa Chikhristu wagona pamenepo. Munthu amene wasenza mtsuko wodzaza pa njira yoterera, manja ake onse aŵiri amakhala pa mtsukowo. Mnzake akagwa pambali pake sangamdzutse. Umo ndi m'mene ndidaaliri ine: manja onse adali pa moyo wanga ndi pa dzina langa. Mkhristu amakhulupirira kuti moyo wake, ngakhale imfa yake, zili m'manja mwa Wina amene sataya chimene wasungitsidwa. Chikhulupiriro chimenechi sichimlonjeza kuti mtsuko sudzasweka. Chimangomtula udindo wokhala mlonda wa moyo wake usana ndi usiku, ndipo manja akamasuka amapeza chogwira. Mantha amatsala, koma saakhalanso ndiwo olamula pakhomo.

Mabuku a Uthenga Wabwino sabisa zimenezi. Yesu adalira pa manda a Lazaro, ndipo m'munda wa Getsemani adavutika mtima kwambiri napempha anzake kuti akhale naye maso. Koma nkhani imene idandigwira koposa m'chipinda muja ndi ya ophunzira ake atadzitsekera m'nyumba chifukwa cha mantha, Iye ataphedwa. Yohane akusimba kuti adaŵafikira zitseko zili chitsekere, naŵapatsa moni wa mtendere, naŵaonetsa zipsera za m'manja ndi m'nthiti, kenaka naŵatuma. Zinthu zitatu zili pamenepo. Mtenderewo udaŵapeza akadali otsekeredwa ndi amantha. Sudadikire kuti ayambe alimba mtima. Udabwera pamodzi ndi zipsera, osazibisa. Ndipo mathero ake adali ntchito yopita kwa anthu ena.

Apa tsono ndipo ndikusiyana ndi mnzanga uja. Mankhwala ogonetsa tulo timaŵadziŵa ndi ntchito yake: womwa amagona, ndipo mwana akalira pambali pake samva. Koma chimene chidali mwa mai aja chinkaŵadzutsa tambala woyamba kuti asonkhe moto. Mbiri ya mpingo ili ndi umboni womwewo. Mliri utasakaza ufumu wa Roma cha m'ma 250, bishopu Dionysius wa ku Alexandria adalemba za Akhristu amene ankadwazika odwala ndi kusambitsa mitembo, ambiri mwa iwo nafa nayo nthendayo, pamene anthu ena ankataya abale ao m'miseu. Cyprian, bishopu wa ku Carthage, adalimbikitsa mpingo wake kuti usamale ngakhale anthu amene sadali a mpingo. Onseŵa adali a kuno ku Africa. Munthu atha kunena kuti adakhulupirira zinthu zosaona, koma sanganene kuti adali m'tulo.

Nanga munthu wotsekeredwa angalimbikitse bwanji anzake? Ine ndidali ndi lamya yokha, ndipo poyamba ndidaigwiritsa ntchito moipa. Ndinkaimbira mai n'kumaŵauza kuti alimbe mtima, kuti chidali chifuniro cha Mulungu, kuti malume akupumula. Mai ankangoti "Chabwino," nkhani n'kuthera pomwepo. Mau amenewo ndinkaŵanena kuti ndithaŵe chisoni chao, ndipo iwo ankadziŵa. Nditaona zimene amai atatu aja adachita pansi pa mtengo, ndidasintha. Ndidayamba kuimba madzulo aliwonse nthaŵi imodzimodzi, n'kumafunsa kuti kudabwera ndani, adalalika ndani, nyakwaŵa idati chiyani, nkhuni adatema ndani. Mai ankafotokoza zonse, mpaka za mvula imene idavuta adzukulu. Tsiku lina adayamba okha kusimba za ubwana wao ndi malume, m'mene adathaŵira njuchi ali kubusa, ndipo adaseka, kenaka adalira, ine ndili chete ku mbali ino.

Abwenzi a Yobe adachita bwino masiku asanu ndi aŵiri oyamba, pamene adangokhala naye pansi osanena kanthu. Adayamba kulakwa atatsekula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chake. Wolimbikitsa mnzake asafulumire kumasulira zimene Mulungu sadammasulire, asalonjeze zimene sangathe kupereka, ndipo asaope kutchula dzina la womwalirayo. Abwere kaŵirikaŵiri, pa nthaŵi yodziŵika, ndipo ngati n'kotheka abwere ndi kanthu m'manja. Kutalikirana sikuletsa zimenezi. Paulo adalembera Akhristu a ku Filipi ali m'ndende, ndipo m'kalata yotchuka ndi mau a chimwemwe ndi mtendere imeneyo muli nkhani wamba zedi: akuthokoza chifukwa cha mphatso imene adamtumizira, akuŵauza kuti Epafrodito, amene adabweretsa mphatsoyo, adadwala pafupi kufa koma wachira, ndipo akupempha amai aŵiri a mumpingomo amene adasemphana maganizo kuti amvane. Munthu womangidwa unyolo adapeza malo mumtima mwake osungira mkangano wa amai aŵiri a kutali.

Ndikudziŵa chimene mnzanga uja adzayankhe. Adzati zonsezi munthu wosapemphera athanso kuzichita, ndipo adzatchula buku la Albert Camus la 1947 lonena za mliri m'tauni ya Oran, m'mene dokotala Rieux, munthu wosakhulupirira Mulungu, akulimbana ndi nthenda usana ndi usiku, pamene wansembe Paneloux akuyamba ndi kulalika kuti mliriwo ndi chilango. Ndivomera. Anamwino amene adagwira ntchito m'mahema a odwala Covid-19 adali a zipembedzo zosiyanasiyana, ena opanda chipembedzo, ndipo mnyamata amene ankandigulira mayunitsi ndi mankhwala a mutu masiku amenewo adali Msilamu. Chifundo si munda wa Akhristu okha, ndipo Mkhristu wonena kuti ngwake yekha waiŵala fanizo la Msamariya. Chimene ndinganene n'chochepa: aliyense amatunga penapake, ndipo ine ndidaona kumene mai aja ankatunga. Rieux akumenya nkhondo akudziŵa kuti imfa idzapambana ndithu. Mkhristu amamenya nkhondo yomweyo akukhulupirira kuti imfa si mathero a nkhani. Ndani mwa aŵiriŵa akunena zoona, sitingathe kugamula pa msonkhano wa alembi. Koma funso la mnzanga silidali limenelo. Iye adati chikhulupiriro chimagonetsa, ndipo ine ndamuwonetsa munthu amene chidamdzutsa.

Ndisakunamizeni kuti nkhaniyi idatha bwino lomwe. Ndidapita ku Ntcheu itapita Pasaka ya chaka chomwecho. Mai adandilandira, koma msuweni wanga, mwana wachisamba wa malume, atandiperekeza kumanda adandiyang'ana nati, "Mwafika tsopano, ophunzira?" Ndidali ndi mayankho onse, Luther ndi Eyam yemwe, koma ndidaona kuti palibe limodzi limene likadadzaza malo amene adali opanda munthu pamoto usiku wa maliro a bambo ake. Zifukwa zanga zidali zoona, ndipo kuŵaŵidwa mtima kwake kudalinso koona. Ndidangoti, "Ndafika, achimwene. Pepani." Pomanga chiliza ndidasenza nao matumba a simenti, ndipo tsopano timalankhulana, koma kanthu kena sikadabwerere m'malo mwake. Mtendere umene ndili nawo sundiwuza kuti ndilibe ngongole. Umangondilola kukhala naye pa mphasa imodzi osayamba kudziteteza.

Pa 5 Meyi 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lidalengeza kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ndipo zophimba pakamwa zija tidaziiŵala m'matumba a majekete. Koma lisanafike tsikulo kolera idali itayamba kale mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Tsiku lina wina mwa ife amene timakhala m'chipinda chija kutsutsana za ndakatulo adzatsekeredwa yekha, kaya ndi nthenda, kaya ndi chisoni, kaya ndi manyazi, ndipo enafe tidzayenera kusankha chochita. Mnzanga wa filosofi ndikumpempha kuti apitirize kutinyoza tikamagulitsa mtendere wachiŵiri uja, pakuti potero akutithandiza. Koma abwerenso ndi yankho lake pa funso ili: kodi iye akadzamva kuti mnzake wa chipinda choyandikana wabindikira, n'chiyani chidzamdzutse m'mamaŵa kuti akamgogodere, ndipo chikadzatha mphamvu adzakatunga kuti china? Ine ndanena kumene ndidaona anthu akutunga. Ndidzamvetsera lake ndi mtima wonse.